Kabelu ka M'sokosi

Nkhani iyi kutchalitchi kwathu ku Chawama sakuidziwa, ndipo mukakumana ndi amayi a chigwirizano chonde musaitchule. Ndinabapo pemphero la munthu. Inde, ine yemwe amene ndimayambitsa nyimbo Lachinayi.

Chaka chimene akulu anga, ba Esinati, anapita ku India kukachitidwa opaleshoni ya mtima, abale anasankha ine kuti ndikawadwazike (ati ndine wolimba mtima, chonsecho ndimathawa nalimata). Opaleshoni inayenda bwino. Atayamba kudya okha anandithamangitsa m'chipatala, ati ndawatopetsa ndi kuwayang'anitsitsa ngati mkaka uli pamoto. Ndiye ndinakwera basi ya alendo yopita kukatauni kena ka pamwamba pa mapiri, komwe anthu amathawirako kutentha ndi kukaona akachisi.

Mwana wa ku Chawama phiri angalidziwire kuti? Chitunda chachikulu chimene ndinali nditakwerapo ndi mulu wa zinyalala wa kumsika. Msewu unali wokhotakhota moti ndinasanza kawiri. Titafika tinapeza nkhungu itaphimba chilichonse, masanasana koma dzuwa osaoneka. Pakachisi anativulitsa nsapato, ndipo miyala yake inkazizira ngati yachokera m'firiji. Anzanga a m'basi anazimiririka m'nkhungumo, ine nkutsala ndekha m'kanjira kokhala ndi mpanda uku ndi uku. Mpanda wonsewo unali mabelu okhaokha, ang'onoang'ono, amkuwa, omangidwa ndi tinsalu tofiira. Mphepo kunalibe, koma apa ndi apo limodzi linkangolira lokha. Pusi wina anakhala pachipupa nkumandiyang'ana osaphethira.

Mantha ndinali nawo, koma dzanja langali lili ndi nzeru zakezake. Ndinati mabelu ochuluka chonchi, kamodzi kokha ndani angakasowe? Komanso ku Chawama akakhulupirira bwanji kuti ndinafikadi? Ndinamasula kamodzi nkukabisa m'kamisolo. Kansalu kake kanali katsopano, ndipo kanandivuta kumasula chifukwa mfundo yake inali yomanga katatu.

Tinabwerako bwino ku Chawama, kabelu nkukaponya m'wadilopu. Patatha masabata awiri ba Esinati anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Tsiku lomwelo masana, ndikuchapa panja, ndinamva nge-nge-nge chakunyumba. Ndinakakulunga m'sokosi. Mawa lake nthawi yomweyo, nge-nge-nge. Ndinakathira mafuta odzozera, ndinakatsekera m'chitini cha shuga, ndinasanjika Baibulo pamwamba. Kankalirabe, miyendo ya akulu anga ikutupirabe. Kwa abusa sindikanapita. Ndikanayamba bwanji, kuti woyambitsa nyimbo wabwera ndi za mafano m'kamisolo?

Ndinapita ku Kamwala kwa mayi wina wachimwenye amene ndakhala ndikugulako zitenje kwa zaka zambiri. Nditakatulutsa m'sokosi muja, anaika sizasi pansi nkundifunsa komwe ndinakatenga. Ndinanama kuti ndinachita kutola. Anayang'ana kansalu kaja, kenaka anayang'ana ine.

"Amai, aka sikotola," anatero. "Munthu amamanga belu ngati ali na vuto, kambili ni wodwala kunyumba. Mwamasula pemphero ya munthu."

Mapazi anandizizira ngati ndapondanso miyala ija. M'maso mwanga munabwera mayi wina wonga ine ndemwe, atakwera phiri lonse lija, mwina atasanzanso kawiri, akumanga mfundo katatu kuti isamasuke. Ndinafunsa ngati angandithandize kukabweza. Anati ngakhale katafika, malo ake pampanda paja angawadziwe ndani? Ndinalira m'minibasi mpaka kondakitala anasiya kukuwa.

Kunyumba ndinaulula zonse kwa ba Esinati, ali gone miyendo atasanjika papilo. Ndinawauza kuti mwina ndine ndawabwezera matenda. Ndili mkati molankhula, nge-nge-nge! Koma kabelu kali m'manja mwangamu, m'sokosi, kali duu. Ba Esinati anatukula katani ya pawindo. Bambo wogulitsa ayisikilimu anali kudutsa ndi njinga yake akuliza belu, monga amachitira masana alionse ana akamaweruka kusukulu.

Anaseka mpaka ndinaopa kuti bala la pachifuwa litseguka. Ati munthu wamkulu kuthira mafuta odzozera chifukwa cha ayisikilimu. Kenaka kuseka kunatha.

"Manje mwine wake wa kabelu uja," anatero, "wodwala wake ali bwanji?"

Ndinatuluka nkukamanga kabelu kaja pamtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba, mfundo zitatu.

Adokotala anasintha mankhwala ndipo miyendo ya ba Esinati inaphwa. Zoti dzanjali laphunzira sindingalumbire (supuni ya m'ndege ikadali m'kabati mwanga). Koma kuyambira tsiku limenelo, tikamapempherera odwala Lachinayi ndimaonjezera mmodzi wopanda dzina, amayi nkumavomera ameni osadziwa kuti ndi wa dziko liti.

Kabelu kaja nthawi zina kamalira kopanda mphepo, wa ayisikilimu atadutsa kalekale. Ndikakamva ndimasiya zochapa, nkupukuta manja, nkumupempherera. Akulu anga anachira ndikuona. Za wodwala wa mayi mnzanga uja sindidzamva.