Tsiku limene adzukulu anandipeza ndili mtulo pachiliza

Mpaka lero ku Bangwe kuli anthu achikulire amene akandiona amayamba aseka kaye, moni n'kubwera pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Munthu amene anakuonapo ukudzuka pamanda utafunda bulangete sangakupatsenso ulemu wonse, ngakhale uvale tayi.

Chinali chaka chija tinavota koyamba pa matipate. Ine ndinali Fomu 4, ndikukhala ndi azakhali anga amene ankagulitsa mandasi pa siteji ya minibasi. Mfundo yawo inali imodzi: "Ukalephera mayeso amenewa, ukathyola tiyi ku Thyolo ngati bambo ako. Ine sindidyetsa munthu Fomu 4 kawiri." Ankanena uku akundipatsa mandasi otsala, koma mawuwo ankandikhala pachifuwa ngati thumba la simenti.

Kutatsala masabata atatu kuti tilembe, ndinali nditatheratu. Tulo tinathawa, mutu unkangowawa, chakudya chinkakanira pakhosi. Mzere umodzi wa Bayoloje ndinkauwerenga kasanu, ndikatseka buku n'kupeza kuti m'mutu mwatsala Thyolo yekha. Kuwonjezera apo, phokoso! Anthu anali atangolandira ufulu wolankhula, ndipo a m'dera lathu anachita ngati apangana kuti aziugwiritsira ntchito pansi pa zenera langa. Uku amuna a pabawo akukangana za zipani, uku vidiyo sho ikuulutsa zibakera pa sipika, uku chigayo.

Tsiku lina ndikungoyenda ngati wozungulira mutu, ndinadutsa m'mbali mwa manda. Zii! Mitengo ya mthunzi, kamphepo, wailesi palibe, wandale palibe. Ndinati mumtima, aneba enieni ndi awa. (Inde, ndinkadziwa kuti kumanda munthu salowa yekha popanda maliro kapena chilolezo. Ngakhale mwana wa Sitandade 1 amadziwa. Koma ine ndinali nditaphunzira sayansi zaka zinayi, ndiye ndinkadziona ngati zoterezi ndinazipitirira.)

Ndinayamba kupitako m'mawa uliwonse kukangocha. Ndinasankha chiliza chachikulu cha simenti, chosalala kuposa tebulo la ahedi. Masiku atatu oyamba zinayenda bwino zedi. Ndinkazungulira pakati pa mitanda ndikuloweza mokweza ziwalo za chule, manja ndikutambasula ngati mlaliki. Ndinafika pomapereka moni kwa eni chilizacho, malemu ena amene dzina lawo sinditchula, ndinawalakwira kale mokwanira.

Tsiku lachinayi kunacha ndi chiperoni. Ndinanyamula bulangete lotuwa la azakhali ndi tiyi wopanda mkaka m'botolo. Nditakhala pachiliza paja ndinafunda mpaka kumutu, n'kuti nditsamire pang'ono chabe. Tulo timene tinandikana masabata awiri pamphasa tinandipeza pomwepo. Ndinagona chagada, manja pachifuwa, monga mmene amagonera eni malowo.

Chimene sindinachilabadire n'choti dzulo lake kumtunda kwathu kunagwa maliro. (Kulira ndinakumva ndithu, koma ku maliro ndinali nditasiya kupita. Ndinkati wophunzira alibe nthawi.) Ndinadzidzimuka ndi kugundana kwa makasu ndi mapiki. Adzukulu anali atafika kudzakumba manda, ndipo anaima chapafupi kwambiri. Ndinadzuka pang'onopang'ono, bulangete lidakali kumutu, ndipo poti ndinaleredwa bwino, ndinati ndi mawu a tulo, "Mwadzuka bwanji?"

Abale inu, sindinaonepo amuna akuluakulu akuliyatsa liwiro chotero. Makasu uko, mafosholo uko. Wina anasiya nsapato imodzi, wina ankaitana Mulungu ndi amayi ake nthawi imodzi. Anatsala mmodzi yekha, a Makwinja, mkulu wa adzukulu, kalipentala wamfupi wa kumsika, amene pambuyo pake anaulula kuti sikunali kulimba mtima, miyendo ndi imene inakana.

Nditachotsa bulangete anandiyang'anitsitsa. "Iwe si mwana wa kwa mayi a mandasi uja?"

"Ndine ndemwe, bambo."

"M'botolomo muli chiyani?"

"Tiyi."

"Imwa tione."

Ndinamwa. Othawa aja anabwerera, koma sanabwere okha. Nkhani inali itafika kale pa siteji yoti mwana wasukulu wagwidwa akukhwimira mayeso kumanda. Khamu linaima m'malire mwa manda, ndipo azakhali anatulukira ufa uli m'manja. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Ine ndimaimba kwaya, iwe. Ndani adyenso mandasi a kunyumba ya mfiti? Kapakire. Basi ya ku Thyolo ukwera lero lomwe."

Zaka zinayi zonse kuthera pa tulo ta ola limodzi! Ndinayesa nzeru imene inali pakamwa pa aliyense masiku amenewo. "Komatu pano ndi demokalase. Munthu ali ndi ufulu wowerengera pamene wafuna."

"Kuno kulibe matipate," anatero a Makwinja. "Kuno chipani n'chimodzi, ndipo aliyense adzalowa."

A Makwinja anatola buku langa. Mwa masamba onse, linatseguka pa chithunzi cha chule wong'ambidwa pamimba. Mdzukulu wina anasuzumira n'kukuwa, "Si izi! Achule!" Khamu lonse linati "Ehee!" n'kubwerera m'mbuyo. Ndinayamba kuwerengera mumtima malaya amene ndipakire.

A Makwinja anatseka bukulo. "Mwana wanga wamkazi ali nalo lomweli, chule wake yemweyu," anatero, kenako n'kutembenukira kwa azakhali. "Mayi, uyu si mfiti. Mfiti siliza mkonono dzuwa litatuluka. Ichi n'chitsiru chabe, chitsiru chotopa. Koma mlandu ulipo. Walowa kuno popanda chilolezo, ndiponso maliro atatu adutsa m'dera muno ife osamuona. Ndiye poti kuno amakukonda, mpatseni piki."

Ndinakumba. Amene amati Masamu ndi ovuta sanakumbepo dothi la ku Bangwe. Adzukulu, amene tsopano mantha anali atawathera, anandizungulira ndi nthabwala zawo. "Aphunzitsi, mwala uwu pa Jogalafe mumautcha chiyani?" "Musafulumire bwana, mungadzutse anzanu!" Pofika m'chiuno, m'manja munali matuza okhaokha, ndipo ndinangozindikira ndikulira. Kulira kwenikweni, ndi mamina omwe. Sanali matuza ayi, anali mantha onse amene ndinawasunga ndekha miyezi yonseyo osauza munthu.

A Makwinja ananjuta m'mphepete mwa dzenjelo. "Ukulira chiyani? Malirowa si ako."

"Ndikuopa kulephera, bambo."

"Tayang'ana mizere iyi," anatero akuloza mitanda. "Muli makalaliki umu, muli alonda, muli okhoza, muli olephera. Ndakumba kuno kuyambira iwe usanabadwe, sindinaonepo munthu akutsitsidwa ndi satifiketi. Kalembe mayeso akowo, koma uzigona, uzidya, ndipo uzibwera ku maliro ngati munthu. Tsopano wongola ngodya iyo, yapindika."

Madzulo a tsiku limenelo ndinagona dzuwa lisanalowe, n'kudzuka mawa lake mutu uli mbee. Azakhali za basi sanazitchulenso, anangochapa bulangete lija kawiri. A Makwinja ananditumizira uthenga woti ngati ndikufuna malo a phee, ndizikawerengera kuseri kwa shedi yawo. Nditafika ndinapeza kuti kuseriko ndi kumene amasungirako mabokosi a maliro. Sindinadandaule, ndinali nditazolowera kale makasitomala awo.

Mayeso ndinalemba chala chili chomanga ndi kansanza. Ndinakhoza, osati moti n'kuimbira nthungululu, koma tiyi wa ku Thyolo sindinathyole. Azakhali anauza aliyense kuti anali mapemphero awo. Theka la Bangwe limakhulupirirabe kuti linali botolo lija.

Masiku ano nkhawa ikandipanikiza sindiisunganso ndekha. Ndimauza munthu, kapena ndimatenga khasu n'kukalimbana ndi dothi kuseri kwa nyumba, ndipo maliro a m'dera sindijomba. Koma ndiulule chimodzi. Tikafika kumanda, abusa ali pakati pa ulaliki, ine ndikangoona chiliza chosalala pansi pa mthunzi, ndimayamba kuyasamula.