Ulendo Wokaona Dolufini wa mu Bua

Lolemba

Sukulu tatsekera! Ana kulibe, choko kulibe. Sabata yonse ndi yanga.

M'buku la jogalafe muli chithunzi: mtsinje wa dziko lakutali, akachisi amiyala m'mbali, ndi dolufini, nyama yonga nsomba koma yopuma mpweya ndi kuyamwitsa ana. Mlonda wapasukulu akuchiyang'anitsitsa. "Chimenechi chilipo ku Bua, aphunzitsi. Padziwe lina chimatulutsa mutu nkuti phuu. Kachisi aliponso."

Ndikupita. Zotenga:
njinga
kamera ya a hedi
mapu ojambula ndekha
mbatata yootcha
khadi la chipani!

Mayi a kunyumba akuti, "Mukaipeze ng'ona, mukaipatse moni."

Lachiwiri

Minda ya fodya yokhayokha, mapesi ali njoo, zigafa zopanda kanthu. Tcheni chaduka kawiri.

Pamsika, achinyamata a chipani. Khadi ndawaonetsa. Mapu awapeza okha. "Mtsinjewu mukujambulira ndani, bambo? Nanga dolufiniyo ndi wa kuti, mfumu yake ndani?" Ndikufotokoza ola lathunthu kuti si munthu. Alemba dzina lake m'kabuku. Mapu apita.

Lachitatu

Bua uja ndi uyu. Madzi ofika m'mawondo!

Mwini bwato ndi a Kamchacha, msodzi wachikulire, nthabwala zosatha. Bwato likudontha. M'malo ambiri ndife tikulinyamula. Njinga yatsala kwa iwo.

Ndikungotchula za dziwe, nthabwala zathera pomwepo. Akupalasa osanditembenukira. Kenako akuti, "Kumeneko mukamva wina akukuitanani, musayankhe."

Ndikuseka ndekha.

Lachinayi

Midzi itatu yopanda anthu. Anasamutsidwa pobwera esiteti. Mango aima okha, mtondo wagona pabwalo, zitseko zili pululu.

Zimene ndaona lero:
akatumbu awiri
mvuu, makutu okha
dolufini ayi

Chimene sindikumva: mbalame. Ngakhale njiwa imodzi.

Kumbuyo kwa bwato kukutuluka thovu. Tikaima, laima. Tikapalasa, likutsatira. A Kamchacha akuti ndi mlamba. Mlamba wanji woyenda ndi anthu kuyambira m'mawa? Andivulitsa nsapato ndi malaya ofiira, akuti kudziweko nzoletsedwa.

Lachisanu

Tafika dzuwa lili pamutu. Dziwe lakuda bii, mtsinje wonse uli wosaya.

Kachisi! Kanyumba kaudzu kondilekeza m'chiuno. Mwala palibe ndi umodzi womwe. Ulendo wonsewu!

Koma udzu wake ndi watsopano. Pansi mposesa, mizere ya tsache ikuoneka. M'kamphika muli mowa, ukadali kuwira. Mudzi wa anthu tausiya dzana.

Ndikukonza kamera. Kumbuyo kwanga: phuu. Ndikutembenuka, madzi akungozungulira. Phuu, mbali ina. Kenako mawu a mayi wachikulire, chapansipansi, akuitana dzina langa laubwana, lija analidziwa malemu amayi ndi alongo anga okha.

A Kamchacha maso ali tong'o. "Mwayankha?"

"Ayi."

Ndanama. Ndati "Wawa." Ndinaleredwa bwino, nditani?

Loweruka

A Kamchacha akukana kundikweza. "Bwato langa ndi la anthu awiri, aphunzitsi. Inu tsopano mulipo awiri kale." Apita. Nsapato zanga zapita nawo.

Ndikuyenda m'mbali mwa mtsinje, minga, chitedze, mbatata yatha. Ndikafulumira, phuu. Ndikapuma, phuu. Sindikuyang'ananso.

Ndikutsegula kamera kuti ndione ngati yanyowa. Filimu mulibe. A hedi!

Njinga ndaipeza atayitsamiritsa pamtengo kunja kwa mudzi, nsapato atazimangirira pachishalo. Palibe wotuluka kudzandilonjera. Lole ya esiteti yanditola. Dalaivala akufunsa chifukwa chake mpando wapakati wanyowa.

Lamulungu

Kunyumba. Mapazi otupa.

Mayi a kunyumba sakuseka. Akuti Lachisanu masana ndinawaitana kuseri kwa bafa, ndi mawu anga enieni, kupempha madzi. Anapititsa ndowa yodzaza. Anakaipeza youma.

Kutchalitchi kuli ubatizo. Abusa akungothira madzi m'mbale, ine ndatuluka.

Mtsuko ndautulutsa panja, ndavundikira ndi beseni, pamwamba njerwa ziwiri. Mayi a kunyumba akuti ndikafuna kusamba ndikatunge ndekha kuchitsime.

Sindikufuna. Tchuthi chatsalachi ndifolera khola la nkhuku.