Nthiti Pamaso pa Apongozi

Inu, tamverani, poti takisiyi yachedwa kale. Pa zoopsa zonse za ku Joni kuno, kaya apolisi ofunsa mapepala, kaya kukwera sitima ya ku Mabopane wopanda tikiti, palibe choposa kutengera apongozi ako kumalo odyera. Ine Yobu ndinachita zimenezo mu 2006, wosaledzera, maso ali gwa!

Nthawi imeneyo ndinkasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Garsfontein, mkazi wanga Falesi akugwira ntchito ya m'nyumba pomwepo, ife tikukhala m'kachipinda kamodzi kuseri. Ndiye pali Robert, transipota wonyamula katundu kupita kumudzi. Munthu ameneyo amanyamula mafiriji, njinga ndi nkhani za eni. Anakafalitsa ku Ntcheu kuti Yobu wasanduka chidakwa. Apongozi anga aNangozo, mayi wa Mvano, sanachedwe, anakwera basi. Uthenga unatsogola wakuti akapeza kuti ndi zoona, akubwerera ndi mwana wawo.

Kumwa ndinkamwa, sindikana. Koma Falesi ndinkamukonda kuposa botolo lililonse, ndipo mantha anandigwira zenizeni.

Pakona pa msewu wathu panali malo odyera a mzungu wina amene tinkangomutcha Ndevu. Ankagulitsa mabaga, mabanzi okhala ndi nyama pakati, aatali oti uyambe wawapondereza ndi chikhatho kuti alowe m'kamwa, nthiti za nkhumba zowotcha zopaka msuzi wonata, ndi mowa wofulula yekha m'mapoto akuluakulu kuseri. Lamlungu masana kunali lamulo lokoma: ukalipira kamodzi, nthiti uzidya mpaka utatopa wekha. Komanso Lamlungu Ndevuyo sankabwera, ankapita kukawedza.

Ndinati basi, mayiwa ndiwatengere kumeneko tikaweruka kutchalitchi, akaone mkamwini wovala tayi akuitanitsa chakudya m'Chingerezi.

"A Yobu, tingowaphikira pakhomo pano," anatero Falesi. "Mwaiwala kuti ndi apongozi anu?"

"Kuno ndi ku Joni, mkazi wanga. Za kumudzi zinatsala pa boda."

Kuyambira Loweruka m'mawa sindinalawe kanthu, kusungira malo nthiti zija. Akulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma ine miyambi ndinkaiona ngati ya anthu opanda pasipoti.

Tinafika. Malo odzaza, tebulo lotsala limodzi lokha, kakang'ono ngati mpando wa njinga. Apongozi anakhala moyang'anizana nane ndendende. Inu mukudziwa za kwathu: mkamwini sadya apongozi akuona, m'maso sayang'anana, ndipo mawu amadutsira mwa mkazi. Ine ndimati zimenezo ndinazisiya. Koma mbale itatera patebulo, nthiti zikufuka nthunzi, dzanja langa linakana kunyamuka. Linangoti zii pabondo, m'mimba mukulira ngati njinga yamoto.

Apongozi anapemphera mwachidule, nakwinya manja a bulauzi. Abale inu, Mngoni ndi nyama! Foloko anaikankhira pambali. Fupa lililonse linkatuluka m'kamwa mwawo loyera ngati lachapidwa ndi sopo. Mbale yoyamba inatha, weita anabweretsa yachiwiri.

"Falesi, afunse bambo ngati akudwala."

"Auze amayi kuti ndakhuta mawu a Mulungu," ndinayankha, malovu ali chuchuchu.

Mbale yachitatu itafika ndinalephera kupirira. Ndinatenga chikatoni cholembedwapo mayina a zakudya n'kuchiimika pakati pa tebulo ngati mpanda. Ndinawerama kuseri kwake, tayi ndaponya paphewa, n'kugwira nthiti ndi manja awiri. Nditangoluma, fupa linaterereka, chigongono chinagunda mpanda uja, phwa! Ndinapezeka poyera, nyama ili lendelende pakamwa, msuzi mpaka m'makutu.

Apongozi, munthu waulemu, anakweza maso kudenga.

"Falesi, auze bambo kuti mpanda wawo wagwa."

Ndinkati manyazi athera pomwepo. Ayi ndithu. Kunja kunali kutayamba mvula, ndipo mvula ikagwa munthu sawedza. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Yobu, my broer! Howzit!"

Ndevu! Anandimenya pamsana ngati tinabadwa bere limodzi. M'dzanja lake munali chikapu. Pamalo pajatu anthu obwera kawirikawiri ankakhala ndi chikapu chawochawo chopachika pamsomali, cholembedwa dzina. Anachitsitsa patsogolo panga chodzaza, thovu likusefukira, zilembo zitaloza kwa apongozi.

"New batch, my friend. Taste it, you're my best customer!"

Chingerezi apongozi sankamva. Koma dzina loti Yobu analiwerengapo kambirimbiri m'Baibulo.

"Falesi, afunse bambo, m'chikapu chawochi muli chiyani?"

Mowawo unali wamtundu wina wa mbuu, wosaoneka mkati. Satana anandinong'oneza, ine n'kuvomera.

"Auze amayi kuti ndi thobwa la azungu."

Falesi anandiponda phazi pansi pa tebulo. "Eish, zimenezo auzeni nokha."

"Ndamva kale," anatero apongozi. "Thobwa ndimalikonda. Tandipatsira, mwanawe."

Inu, ndinapemphera pemphero limene sindinapempherepo chibadwire. Ndinati Ambuye, munasandutsa madzi kukhala vinyo, lero ndikupempha zobwerera m'mbuyo, kamodzi kokha. Apongozi ananunkhiza. Anapsontha pang'ono, nayendetsa m'kamwa, nameza. Anapsonthanso kachiwiri. Kenako anaika chikapu pansi n'kundiyang'ana m'maso. Zaka zisanu ndi chimodzi za banja, aka kanali koyamba, ndipo sanadutsirenso mwa Falesi.

"Bambo, ine ndisanalowe Mvano ndinafulula mowa wa masese zaka makumi awiri. Falesi uyu sukulu anaphunzira ndi mowa. Uwu ndi mowa, ndiponso ndi wosapsa. Mnzanuyu chimera amachifulumizira."

Ndevu anaima pomwepo akumwetulira. "She likes it?"

"Too much, baas," ndinatero ndi mawu a munthu wakufa.

Apongozi anapukuta zala chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Munthu wakumwa ndimadziwa kukhala naye. Malemu apongozi anu aamuna ankamwa mpaka kulonjera mitengo, koma sanandinamizepo. Akamwa ankati ndamwa. Inu kudya pamaso panga mukuchita manyazi, koma bodza mukulinena mosaphethira. Ulemu wanu uli m'mbale basi?"

Mawu amenewo anandilasa, sindibisa. Falesi anali atawerama, misozi ikugwera pa tchipisi. Ndinaiwala tayi, ndinaiwala azungu onse odya mabaga aja, ndinatsika pampando n'kugwada pansi.

"Amayi, ndalakwa. Chilango chilichonse ndilandira, koma Falesi yekha musanditengere."

Weita anabwera kudzafunsa ngati abweretse mbale yachinayi, apongozi anagwedeza mutu kuvomera.

"Dzukani, bambo, anthu akuona. Ndikamutenga Falesi, mutsala ndi ndani wokuyang'anirani? Mudzafera m'chikapu chimenechi. Falesi sapita."

Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinayamba kuwomba m'manja, zikomo amayi, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

"Inenso sindipita."

Paja ndinati kachipinda kathu kanali kamodzi? Mkamwini sagona chipinda chimodzi ndi apongozi, zimenezo ngakhale ku Joni sizitsala pa boda. Mayi aja anakhala miyezi isanu ndi inayi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, eti?

Banja ndinalipulumutsa ndithu, inu. Kungoti banjalo linkagona m'chipinda, ine ndikugona m'shedi ya makasu, chisanu chonse cha ku Pretoria, nditakumbatira makina otchetchera kapinga.