Ndinamata Denga la Galimoto ndi Phula

Anzanga, nkhani imene mwakhala mukuimva pa Njuli, yoti ine ndinafika kuukwati nditaledzera mpaka kudzikodzera, ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo lero muimve kwa mwini wake. Mowa ine sindilawa. Cholinga changa chinali chimodzi basi, kuti galimoto yanga isiye kudontha.

Mukuidziwa galimotoyo, yotuwa ija ndinagula ku Limbe itatopa kale. Mukudziwanso kuti ndine mkamwini ku Nchema, ndimakhala pamudzi pa akazi anga, amake Tadala, ndipo pamudzipo palibe amene anakondwera nditabwera nayo. Onse ankafuna ng'ombe ya mkaka. Alamu anga ali ndi ng'ombe, oyandikana nafe ali ndi ng'ombe, ndiye ine kubwera ndi chitsulo chakumwa petulo? Amake Tadala anandiuza mosapsatira mawu kuti, "Galimoto yanuyi ikadzangotichititsa manyazi pagulu, tigulitsa, tigule ng'ombe." Ine ndinati chabwino, tidzaona, koma mumtima ndinali nditamanga kale kuti yangayi siyogulitsa.

Mvula itayamba, galimoto inayamba kununkha chinyontho. M'mawa ukatsegula chitseko, magalasi achita nthunzi mkati, kapeti wanyowa, ukaponda madzi akutuluka m'mbali mwa nsapato. Ndipo Loweruka likubweralo kunali ukwati wa mdzukulu wa apongozi kutchalitchi cha kumishoni. Apongozi aakazi, mayi awo a amake Tadala, mawondo amawavuta, kabaza sangakwere, ndiye ntchito yowanyamula inagwera ine. Umenewo unali mpata wanga woti mudzi wonse uone kuti ng'ombe singanyamule munthu kupita naye kutchalitchi.

Amake Tadala anati ndipite nayo kwa amakaniko. Amakaniko a chiyani? Ine amene ndinakhoma ndekha malata a nyumba yathu, osadontha mpaka lero, ndikagwade kwa munthu chifukwa cha madzi? Denga ndi denga basi.

Ndinayamba ndi zitseko. Ndinalowa mkati n'kudzitsekera, amake Tadala akuthira madzi kunja ndi kheni yothirira kudimba, uku akung'ung'udza kuti mjigo uli kutali. Ndinaona kadontho kakutsika cha kumpando wakumbuyo, ndiye mlandu ndinaugamula pompo, kuti mphira wa zitseko watha. Ndinadula chubu chakale cha njinga n'kumata ndi guluu kuzungulira zitseko zonse ziwiri zakumbuyo. Ntchito yooneka bwino ndithu. Vuto lake linali lakuti kuyambira pamenepo chitseko chimodzi chinakaniratu kutseguka, chinacho chinkatseguka pokhapokha munthu akachikoka ali kunja, phazi limodzi ataliponda patayala. Mvula inagwanso, ndipo m'mawa madzi ndinawapeza pompaja.

Ndinati chabwino, tiumitse kaye kapetiyu. Dzuwa kunalibe, ndiye ndinaganiza zothira chinthu chomwa madzi. Ndinakatapa madeya kwa alamu anga, a ng'ombe zawo zomwezo, n'kuwaza pansi ponse m'galimoto. Nzeru zimenezo, eti? Madeya anamwadi madzi. Koma inu mukudziwa chimene madeya onyowa amachita akatsekeredwa pamalo otentha. Pofika Lachinayi, ukatsegula chitseko, fungo lake ngati wafika potchezera kachasu. Ndinasesa, ndinapala ndi supuni, ndinakolopa, koma fungolo linali litakhazikika kale m'mipando.

Lachisanu amake Tadala anatsogola kukathandiza kuphika kuukwati, ine n'kutsala ndi galimoto yanga awiriwiri. Apa ndi pamene ndinakwera pampando n'kuyang'ana pamwamba pake. Galimoto yangayi ili ndi kazenera ka padenga, kaja azungu amatsegula akafuna kuwothera dzuwa, ine sindinkakatsegula kuopa fumbi. Nditakatsegula ndinapeza kangalande kozungulira, kodzaza masamba ndi matope, popeza galimotoyo ndinkaiimika pansi pa mtengo wa mango. Nditachotsa zinyalalazo ndinaona timabowo m'makona. Mtima wanga unati myaa, akuba aja ndawagwira. Bowo padenga, munthu wanzeru amatani nalo? Ndinasungunula phula lotsala pokhoma malata n'kumata kabowo kalikonse bwinobwino, mpaka kusalaza ndi chala. Mvula inakhuthuka mpaka mbandakucha, ine ndikugona tulo ta munthu wopambana.

M'mawa pansi panali pouma kusiyana ndi masiku onse. Nsalu ya kudenga mkatimo inali itafufuma pang'ono, koma ndani amayang'ana kumwamba atapambana? Ndinavala suti yanga ya khaki, yoyererako ija, n'kukaima pakhomo pa apongozi.

Tsono apa mumvetse. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, ndipo sayankhulana popanda munthu wapakati. Chikwatirire changa, ine ndi mayi amenewa tinali tisanauzanepo ngakhale "mwadzuka bwanji" patokha. Tikakumana panjira, wina amapatuka. Tsiku limenelo wapakati panalibe, onse anali atapita kale. Apongozi anakhala kumbuyo, atafungatira nkhuku yathadzi yomanga miyendo, mphatso ya akwati. Ndinakankha chitseko ndi phewa mpaka chinatseka, n'kunyamuka.

Tisanafike patali ndinamva akununkhiza kumbuyoko. Kenako anayankhula, koma osati ndi ine.

"Nkhuku iwe," anatero apongozi, "kodi oyendetsa galimotowa anayamba liti zakumwa?"

Ine maso ali kutsogolo ndinayankha kuti, "Nkhukuyo idziwe kuti ndi madeya chabe."

"Nkhuku iwe, kachasu nayenso amayamba ndi madeya."

Ndinangosintha giya n'kupitiriza ulendo. Titayamba kukwera chitunda ndinamva phokoso pamwamba pa mutu wanga, ngati madzi akuyenda m'chidebe, kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Ndinaponya diso pagalasi, mwangozi, n'kuona madontho akugwera paduku la apongozi. Iwo sanadandaule. Anangotulutsa ambulera yawo n'kuitambasula mkati mwa galimoto momwemo, iwo ndi nkhuku pansi pake. Tinadutsa pa Njuli chomwecho, akabaza onse atasiya makasitomala, akuloza.

"Nkhuku iwe, kunja kwacha bwino, koma muno mvula sikukata."

"Nkhukuyo ipirire, tatsala pang'ono."

Ndinapsa mtima, anzanga, osati ndi apongozi ayi, koma ndi galimoto yosayamikayi. Sabata yonse ndakhala ndikuisamalira, ndiye izidzandiyalutsa lero? Ndinaponda moto kuti tifike msanga zisanaipe. Ndiye pageti la tchalitchi pali hampu ija, nonse mukuidziwa. Ndinaiona mochedwa n'kuponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Madzi onse amene mvula inasonkhanitsa padengapo anathamangira kutsogolo, n'kupeza potulukira pakanyali ka kudenga, pamwamba penipeni pa ine. Anandikhuthukira pamiyendo, ozizira, ofiirira ndi matope a masamba a mango. Jekete louma, malaya ouma, koma buluku kuyambira palamba mpaka m'mawondo. Pa khaki!

Panja anthu ali mbwee, amayi akuimba nthungululu, akubwera kudzalandira agogo a mkwati. Ine ndinati sindituluka muno ngakhale atandikoka ndi chingwe. Koma chitseko chija mukuchikumbuka? Amayi anakoka, chinakana. Mkulu wa mpingo anakoka, chinakana. Wodziwa katsegulidwe kake ndinali ine ndekha, ndipo apongozi sakanakhala m'galimoto mpaka ukwati kutha. Ndinatuluka. Ndinazungulira galimoto yonse pamaso pa anthu, nditatangadza miyendo, madzi akuchucha m'nsapato, ndiye kuti ndikoke bwino ndinayenera kukweza mwendo n'kuponda patayala, kuti amene sanaone bwino aone. Chitseko chitatseguka, fungo la kachasu ndi limene linayamba kutsika, apongozi pambuyo. Nthungululu zinazima. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "M'mawa uno, bambo a Tadala?" Amake Tadala anali ataima pakhonde la tchalitchi manja ali m'chiuno, ndipo m'maso mwawo ndinaonamo ng'ombe.

Apongozi anatsika pang'onopang'ono, anapinda ambulera yawo, nkhuku anapereka kwa mayi wonong'ona uja. Kenako anamasula chitenje chawo chapamwamba, chija cha bungwe la amayi a kumpingo, n'kutembenukira kwa ine. Anandiyang'ana m'maso penipeni, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Bambo a Tadala, valani ichi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Iwo anatembenukira ku gulu lija.

"Mukuyang'ana chiyani? Munthuyu samwa. Madziwa ndi a mvula, inenso andinyowetsa duku. Ana anga a ng'ombe aja ali kuti? Wandinyamula ndani lero?"

Ukwati wonse ndinakhala pabenchi yakumbuyo, tayi pakhosi, jekete, m'munsimu chitenje cha apongozi. Pazithunzi ndilimo, musavutike kufunsa. Manyazi ndinachita, ndisaname, manyazi oti ndikanakonda nthaka itang'ambika. Koma mumtima ndinali ndi chimwemwe chachilendo, chifukwa mayi amene ndinkawaopa zaka zonsezi anali atandiikira kumbuyo pamaso pa ana awo omwe.

Lamlungu masana ndinakolokosa phula lija, n'kulowetsa waya wa buleki ya njinga m'kabowo kamodzi kuti ndione kumene kakupita. Waya analowa, analowabe, kenako ndinamva madzi akugwa pansi kuseri kwa tayala lakutsogolo. Timabowo tija si tolowetsa madzi, ndi totulutsa. Matope a mango anali atatitseka theka, n'chifukwa chake galimoto inkadontha, ndiye ine ndi phula langa tinangobwera kudzamaliza ntchitoyo. Zitseko zinalibe mlandu uliwonse.

Madzulo ake amake Tadala anayambitsa nkhani ya ng'ombe ija, mokweza, kuti mayi awo amve ali pakhonde pawo. Anati pangano ndi pangano, manyazi onse aja ng'ombe sikanatichititsa. Ine ndinali nditakonzeka kukana mpaka kutha mawu, koma mkamwini angakane mpaka pati pamudzi pa eni? Apongozi anatsokomola. Nkhuku ija inali itadyedwa kuukwati, ndiye analibe woti amutume.

"Bambo a Tadala," anatero, "Lachiwiri ndili ndi ulendo wa kuchipatala. Mudzandinyamule. Ambulera ndidzatenga."

Amake Tadala analowa m'nyumba n'kuyamba kugunditsa mapoto.

Choncho galimoto ilipo, siyogulitsa, ndipo amene akufuna mkaka akagule kwa alamu anga. Sikudonthanso. Pansi pa mango sindiimikanso, timabowo tija ndimatitokosa mvula isanayambe, chubu cha njinga ndinachimatula, ngakhale fungo la madeya limabwerabe dzuwa likatentha. Ndalumbira kuti bowo limene sindikudziwa kumene likupita sindidzalimatanso, ngakhale litandiyang'ana chotani, ndipo khaki nyengo ya mvula ndinasiya.

Chitenje chija ndinachapa ndekha, n'kusita, n'kukabweza ndi manja awiri. Apongozi anachiyang'ana, anayang'ana galimoto, kenako anandiyang'ana ine.

"Chizikhala m'galimoto momwemo, bambo," anatero. "Mvula sinathe."