Nyumba Yogona Ana M'munda wa Mpunga

Chitala, Salima
20 Febuluwale, 1956

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yomanga Nyumba ya Achinyamata.

Bwana wolemekezeka,

Ine mphunzitsi wamba wa Sitandade 4 ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu. Dzulo ndinapalasa njinga mpaka ku Lifuwu kukaona nyumba imene mwamanga kuti ana a sukulu azigonamo akabwera ku mpikisano wa masewera. Malata ngwee, mawindo a magalasi, mabedi achitsulo makumi anayi! Ndinavula nsapato, Bwana, poyamba chifukwa cha ulemu, kenaka chifukwa madzi anali m'mawondo.

Ndiloleni ndithokoze chimodzichimodzi.

1. Malo. Akatswiri anu anadzayeza mu Okutobala, nthaka itang'ambika ndi dzuwa, napeza chigwa chosalala ngati tebulo. Che Salimu, amene akhala akulima mpunga pamenepo sitima isanafike n'komwe ku Salima, anawalozera mzere wa matope pa thunthu la mgwalangwa, wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Akatswiriwo anawayankha kuti papepala palibe madzi. Pepalalo ndaliona ndi maso anga, Bwana, ndipo n'loumadi.

2. Bwalo la mpira. Mitengo ya zigoli ikuoneka nsonga zokha, ndipo akakowa atera pamenepo kudikira kuti masewero ayambe. Asodzi akola milamba isanu pakati penipeni pa bwalo. Kapinga amene munaitanitsa kutali uja mvuu yamuyamikira kwambiri, moti imabwera ndi banja lonse.

3. Zimbudzi zamakono. Izi ndiye zaulemu kuposa anthufe: chilichonse chimene amisiri anasiyamo, zabweza.

Tsono mwalamula kuti pa 10 Malichi ana anga makumi awiri akagone m'menemo. Anzawo a kunyanja amasambira ngati nsomba, koma anga ndi ana a alimi a chimanga, madzi amawadziwira pachitsime. Bambo ake a Mayeso, mtsikana amene amathamanga kuposa onse pasukulu pathu, anditumizira mawu akuti mwanayo ndikamutenga, ndimubweze wouma ndiponso wathunthu. Ndikakana lamulo lanu, ntchito yandithera. Ndikamvera, sindikudziwa kuti makolowa ndidzawayang'ana ndi nkhope iti. Onani mmene mwandilemekezera, kundipatsa njira ziwiri zonse zokongola!

Pempho langa n'laling'ono. A Shehe a ku Lifuwu apereka chipinda cha madarasa, a mpingo nawo apereka tchalitchi chawo cha udzu, zonse pamtunda, mikeka ilipo kale. Lolani ana akagone kumeneko. Koma ngati zimenezi zinganyozetse nyumba yanu yokongolayo, ndikupempha modzichepetsa kuti mutumize ana anu awiri akayambe ndiwo kugonamo sabata imodzi, ife osaphunzira tionere pa iwo. Ndawasankhira kale mabedi a pakona ya kumadzulo, amene matiresi ake anyowa pansi pokha.

Ine kapolo wa nzeru zanu,
Luka Kamphinda