A Pansipansi ndi Kansomba Kawo

Aliyense wokametetsa kwa a Pansipansi ankadziwa kuti sachokapo asanamve za kansomba. Ukati udandaule, ankazimitsa makina mutu uli theka, n'kukufunsa ngati ungakonde kutuluka choncho.

Kansombako kanali m'botolo la mankhwala pambali pa galasi, kotalika ngati chala, maso ngati mabatani a jekete. Anabwera nako kuchokera m'sitima ya panyanja yamchere momwe ankaphika kale.

"Aka kwawo ndi pansi penipeni, kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere," ankatero, lumo lili m'mwamba. "Kuzizira, mdima, madzi kulemera ngati wasenza nyumba. Koma kudandaula? Ayi! Kali ndi timagetsi take pamimbapa."

"Nanga bwanji sikakuyaka?" wina ankafunsa.

"Iweyo ukadzafa udzayaka?"

Mwana wawo wamkazi, namwino, nkhanizi zinamukwana kalekale. Chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali kachipinda kometerako: kunsi kwa sitolo, masitepe asanu ndi awiri kutsika, kopanda zenera, chinyezi khoma lonse. Bambo ake ankagona momwemo, akutsokomola ngati injini yakale. Iye anawakonzera chipinda cha mazenera awiri kunyumba kwake yosanja.

"Bambo, chifuwachi chikuphani muno."

"Mwanangu, kansomba aka ukakakokera pamwamba kamatupa, maso tong'o, basi kafa. Kamakwera kokha kukada, kukasaka chakudya, kukamacha n'kutsikanso. Kokha! Osati ndi chingwe."

Namwino anatopa nazo. Tsiku lina anabwera ndi galimoto ndi azilamu ake awiri, n'kuwanyamula mkuluyo ndi mpando womwe, akutukwana njira yonse. Kumtundako anawasambitsa, kuwadyetsa, kuwagoneka pamatiresi atsopano. M'mawa anapeza bedi lazizira. Anathamanga mtima uli m'mwamba, n'kukawapeza kuchipinda kwawo kuja, zovala zogonera zili m'thupi, akumeta munthu, nkhani ili pakati.

"Ndinakwera, ndinadya, kwacha ndatsika. Vuto lili pati?"

Namwino anafuna kukalipa, koma anaseka mpaka misozi. Sanawakakamizenso. Iye ankatsika ndi mankhwala, iwo Lamlungu lililonse ankakwera okha kukadya. Anakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka chifuwa chija chinawatenga, momwemo, pampando wawo.

Lero m'kachipindamo muli wometa wina, waulemu, wosalankhula. Mphindi khumi watha, ndipo anthu amatuluka mitu yosalala koma yopanda kanthu. Akuluakulu ena amangosuzumira n'kubwerera.

Maliro atatha namwino anatenga botolo lija n'kukaliika pazenera kwake, kumene kumawala bwino. Linakhalapo masiku awiri, iye akulephera kuliyang'ana. Tsiku lachitatu analikulunga m'thaulo, anatsika nalo masitepe asanu ndi awiri aja, n'kulibwezera pambali pa galasi.

"Mayi, chinthuchi chindithawitsira makasitomala," anatero wometa watsopano uja. "N'chiyani kodi?"

"Musadzachisunthe. Kwawo ndi kuno."

Anakoka mpando n'kukhala.

"Tazimitsani kaye makinawo, ndikuuzeni."