Tsiku Lomwe Ndinazimitsa Chigayo cha Che Amidu

Anzanga, zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikukwera mapholo a magetsi kuno ku Mangochi, sindinagwepo, sindinapsepo, koma chomwe chinadzandigwetsa ndi kagalasi kokwana m'thumba la ovolosi.

Kampani yathu yayamba kuika maswichi atsopano pa nthambo zikuluzikulu, aja oti munthu uli khale muofesi, kungodina pa tabuleti dera lonse lazima, kudinanso layaka. Ife akalefe tinazolowera kupita pamalopo ndi ndodo yaitali yotsegulira mafyuzi, thukuta lili kamukamu. Ndiye abwana anatiitana n'kunena mosapsatira mawu kuti aliyense apite ku maphunziro a masiku atatu, ndipo yemwe abwereko wopanda satifiketi sadzakhudzanso nthambo, akakhala kusitolo ya zipangizo azikasanja mabawuti. Ine Saidi kusitolo? Ndinati ayi, pepala limenelo ndibwera nalo basi.

Maphunziro anachitikira pa loji ina ku Nkopola. Wotiphunzitsa anali a Chisale, injiniya wamkazi msinkhu wa mwana wanga woyamba, wofatsa, wodziwa zinthu zake. Masiku awiri oyamba ndinamvetsera ngati mwana wa sitandade wani, kope mpaka kudzaza. Tsiku lachitatu, Lachisanu, linali la mayeso, ndipo m'mawa mwake akazi anga anaimba foni kuti popeza ndili kunyanja komweko ndisabwere chimanjamanja, ana apukwa chambo. Ndinati zimenezo n'zazing'ono, nthawi ya tiyi ndizemba, mphindi khumi ndabwera. Koma kugombe ndinapeza asodzi akukokabe khoka, ndipo mmodzi mwa iwo anali msuweni wa alamu anga. Inu mukudziwa moni wa kwathu kuno, mungamudule munthu asanafunse za ana onse mmodzimmodzi? Ola lathunthu linatha.

Zomwe sindinadziwe n'zakuti mu ola limenelo a Chisale anafotokozera anzanga kuti tabuleti ya mayesoyo ndi yongoyeserera, siyikhudza nthambo iliyonse ya kunja. Anangoilumikiza ku kabokosi komwe anabwera nako, n'kulowetsamo fani ya m'chipindamo ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma, kuti munthu akazimitsa azimva kuti wazimitsadi. Ndipo anzangawo anali atayamba kale kusereulana, aliyense akalakwitsa ankamukuwiza.

Ndinasiya nsomba kukhitchini, n'kulowa mwakachetechete, foni yanga n'kuiponya m'dengu momwe munali za anzanga. Ndisanakhazikike n'komwe ndinamva dzina langa.

"Che Saidi, bwerani. Zimitsani kanthambi kakang'ono aka, kopita ku mpope wa madzi."

Pagalasipo panali mapu a nthambo zathu zenizeni, mayina ake omwewo, Nkopola apa, Chembe uko. Tsono zala zangazi mukuziona, zinakulira pa pulayala, n'zonenepa ngati chinangwa. Ndinaloza kanthambi, chala n'kukagwera pa swichi yaikulu ya pamwamba pake. Kanatuluka kafunso kachingerezi, ine osawerenga n'komwe, ndinangovomera.

Fani inaima. Pakhoma panada. Jafali, mnzanga wa pagalimoto imodzi, anaimirira manja ali kumutu.

"Mayo ine! Che Saidi mwazimitsa Nkopola yonse!"

Ndinaganiza za mafiriji a nsomba, za kachipatala ka m'mbali mwa msewu, za satifiketi yanga ikuuluka. A Chisale anati, "Musadandaule bambo, ingoyatsaninso." Koma ine ndinakula ndi lamulo limodzi, lomwe anandiphunzitsa akuluakulu omwe ena anapita kale: nthambo ikazima suiyatsa usanaione ndi maso ako, chifukwa mwina wina waona kuti yazima ndipo wakwera kale.

"Ayi mayi, ine sindiyatsa chinthu chomwe sindinachione," ndinatero, uku ndikutuluka. Kumbuyo ndinamva phokoso, ndinkayesa anthu akulira nane, osadziwa kuti akufa ndi phwete.

Panja galimoto inalipo koma dalaivala anali atapita kumzikiti kukapemphera Juma ndi makiyi omwe. Ndinasolola ndodo ija pamwamba pa galimoto, chisoti kumutu, n'kuimitsa wa njinga yamoto. Tangoganizani bambo wa imvi, mimba iyi, ndodo yotalika kuposa njinga ili paphewa, tikudutsa mbuzi ndi amayi ogulitsa usipa, ine ndikungokuwa kuti thamangani achimwene, thamangani.

Titafika pa pholo pomwe pali swichi yatsopanoyo ndinapeza chigayo chikulira, wometa akumeta, wailesi ikuimba m'golosale. Munthu wanzeru akanati chiyani? Akanati magetsi alipo, tiyeni tibwerere. Koma ine ndi katswiri. Ndinati, ehe, ndadziwa! Pantchito yathu, nthambo ikakhala yozima koma mababu n'kumayaka, ndiye kuti wina walumikiza jenereta molakwika ndipo ikubwezera moto m'nthambo. Chimenecho ndicho chimapha anthu a mapholo. Ndipo phokoso lalikulu pamalopo linali la chigayo.

Ndinalowa m'chigayomo ndodo ili m'manja. Mwini wake, Che Amidu, bambo wachikulire wa kofia yoyera ndi ndevu zoyera ndi ufa, anandilandira mwaulemu.

"Salamu alekumu, abwana. Kwagwanji?"

"Zimitsani chigayochi msanga! Jenereta mwaibisa kuti?"

"Jenereta? Walahi abwana, ine chibadwire sindinakhalepo ndi jenereta. Awa ndi magetsi anu omwe."

"Magetsi athu ndazimitsa ndekha ndi chala ichi. Zimitsani!"

Munthu wamkulu anazimitsa. Pamzere panali amayi ngati khumi ndi matumba a chimanga, ena akugayitsa za ukwati wa mawa lake. Mmodzi anafunsa kuti, "Nanga ife tikaphika chiyani bambo?" Ine ndinati moyo ndi wofunika kuposa ufa, n'kuzungulira kuseri kukasaka jenereta. Ndinapezako mbuzi ziwiri ndi wilibala yopanda tayala. Ndinasuzumira m'bafa la udzu. Ndinapita kwa wometa, ndinapita kugolosale, paliponse ndikununkhiza ngati ndimva fungo la dizilo. Kenako ndinajambula mzere pansi ndi ndodo ija kuzungulira pholo, n'kulamula kuti aliyense asawoloke.

Apo ndi pomwe ndinakweza maso. Swichi zatsopanozi zili ndi kachizindikiro pansi pake koonetsa ngati yazima kapena ikuyaka, ndipo zimenezi ndinalemba ndekha m'kope tsiku loyamba. Kanali kakuonetsa kuti ikuyaka. Ndinapukuta m'maso, ndinayang'ananso. Ikuyaka.

Ndili chiimire choncho, galimoto yathu inafika, dalaivala atabwerako ku Juma. Anatsika a Chisale, kumbuyo kwawo Jafali akupukuta misozi ya kuseka. Mayi uja sanakweze mawu. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, lamulo lanu lija ndi labwino ndipo musalisiye. Koma chomwe munazimitsa ndi fani."

Anzanga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Che Amidu anayatsa chigayo chawo, amayi aja akundiyang'ana kuyambira chisoti mpaka majombo. Tsiku limenelo m'dera lonselo palibe pomwe magetsi anazima, kupatula pomwe ndinafika ine.

Anzanga onse analandira masatifiketi madzulo omwewo, ine ayi. Lolemba m'mawa abwana anandiitana, nkhope ili gwa, n'kundipatsa kapepala ka ntchito. Kasitomala wa chigayo anali ataimba foni kudandaula kuti munthu wina wa kampani anamuimitsa ntchito popanda chifukwa. Ndipo wofufuza madandaulo a dera limenelo ndi ndani? Ndine.

"Mukamupeze munthu ameneyo," anatero abwana, milomo ikunjenjemera pofuna kuseka. "Kasitomala akasayina kuti wakhutira, mudzalembanso mayeso anu. Akakana, makiyi a kusitolo ndi awa."

Ndinapita, ulendo uno wopanda ndodo, chisoti chili m'manja. Che Amidu anandipatsa mpando, anandifunsa za kunyumba, za ana, ngati sanandionepo chibadwire. Anatenga kapepalako, n'kukawerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto, cholembera chili m'mwamba.

"Ndiye mwamupeza, abwana?"

"Ndamupeza, Che Amidu."

"Wavomera?"

"Wavomera, ndipo akupepesa kwambiri."

Anagwedeza mutu, n'kusayina bwinobwino, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Mukamuuze kuti ndamukhululuka. Koma kampani yanuyo iziwatumizako ku maphunziro anthu oterewa."

Ndinati uthengawo ndikafikitsa. Mayeso ndinalembanso, ndinakhoza, ndipo pholo ndikukwerabe. Koma kuyambira tsiku limenelo, fani ikaima paliponse pomwe ndili, sindidzukanso pampando ndisanafunse kuti pulagi yake ili kuti.